Ulendo wa pa Khirisimasi: Ziŵeto Zotsala ndi Juzi ya Mwana

 Mwezi wa Disembala wayandikira, ndipo ambiri a ife tikuganiza za ulendo. Ena apita kumudzi kukaona makolo, ena apita ku tauni kwa ana ao. Kuchezera abale ndi chinthu chabwino. Koma Khirisimasi kuno kwathu imafika pa nthaŵi yovuta. Mvula yagwa, chimanga chamera, mbuzi zili pa chingwe. Munthu akanyamuka osakonzekera amabwerera ku khola lopanda kanthu. Lero tikambirane zinthu zitatu: m'mene tingasiyire ziŵeto zathu, zimene tiyenera kuchenjera nazo pobwerera, ndi ntchito ya manja imene tingatenge pa ulendowo.

Nkhuku

Tiyambe ndi nkhuku, pakuti pafupifupi banja lililonse lili nazo. Mdani wamkulu wa nkhuku ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Nkhuku yodwala imazyolika, mapiko amagwa, imatsekula m'mimba zobiriŵira, ndipo nthaŵi zina khosi limapotoka. Matendaŵa alibe mankhwala ochiza. Akaloŵa m'mudzi angathe kutha nkhuku zonse m'masiku oŵerengeka.

Chimene chilipo ndi katemera. Katemera wotchedwa I-2 ndi wosavuta: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe. Amabwerezedwa pa miyezi inayi iliyonse, ndiye kuti katatu pa chaka. Mphamvu yake siyamba tsiku lomwelo, imatenga pafupifupi masabata aŵiri. Tsono musadikire tsiku lonyamuka. Pitani kwa alangizi a ziŵeto tsopano lino. Ndipo kumbukirani kuti katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino. Imene yadwala kale sangaichize.

Ngati muli ndi thadzi lofungatira, ŵerengani masiku. Nkhuku imaswa pakapita masiku 21. Ngati idayamba kufungatira pa 5 Disembala, anapiye atuluka pa 26 Disembala, inu muli ku ulendo. Womsiyira pakhomo adziŵe tsikulo, kuti akonzeretu dengu lovundikira anapiye, kabaŵi ndi khwangwala angaŵatole.

Mbuzi ndi nkhumba

M'chilimwe mbuzi zimadziyendera zokha. M'dzinja sizitero ai, chifukwa minda yadzalidwa. Mbuzi imodzi ikaduka chingwe n'kuloŵa m'munda wa mnzanu, mlandu uli kwa amfumu, ndipo ndalama zimene mukadagulira mbeu kapena sopo zipita ku chindapusa. Onani zingwe musanachoke. Chimene chayamba kutha, sinthani.

Mbuzi ya pa chingwe siingadzisankhire malo. Iyenera kusunthidwa kaŵiri pa tsiku, ipeze msipu watsopano ndi mthunzi. Madzi akumwa asasoŵe ngakhale kuli mvula. Usiku igone pouma, makamaka m'khola lam'mwamba, pakuti matope amaoletsa ziboda ndipo chinyezi chimachulukitsa njoka zam'mimba. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu. Imene idakweredwa kumapeto kwa Julaye ibereka cha pa Khirisimasi pomwepa. Imeneyo musaisiye m'manja mwa mwana wamng'ono.

Nkhumba imatenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Yake ndi madeya, madzi ambiri ndi khola lolimba.

Womsiyira pakhomo

Mau oti "mundionereko ziŵetozo" sakwanira. Munthu amavomera chifukwa cha ulemu, koma nayenso ali ndi munda wake wofunika kupalira. Khalani naye pansi. Ŵerengani ziŵeto muli aŵiri: nkhuku zingati, mbuzi zingati. Lembani pa pepala, lina lake lina lanu. Lembaninso nthaŵi yopatsa chakudya, malo amene mwasiya madeya, nambala ya foni yanu ndi ya alangizi. Pomaliza gwirizanani za malipiro ake musanachoke, kaya ndi mazira a masiku amenewo, kaya ndi msoti umodzi. Zikatere palibe kukangana pobwera, ndipo ubale wanu ukhalabe.

Pobwerera

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Mwambo wathu ndi wakuti mlendo sabwerera chimanjamanja. Apongozi akugwirirani tambala, ndipo simungakane. Landirani ndi manja aŵiri. Koma nkhuku ingathe kukhala ndi chitopa m'thupi kwa masiku angapo, mpaka masabata aŵiri, isanaonetse kudwala. M'basi idakhalanso pamodzi ndi nkhuku za anthu ena. Mukafika nayo n'kuiponya m'khola usiku womwewo, mphatso ija ingathe kupha nkhuku zanu ndi za mudzi wonse.

Chitani chotere: ikani nkhuku yachilendoyo payokha, kutali ndi zinzake, kwa masabata atatu. Ikhale ndi mbale yakeyake ya madzi. Ikakhala bwino masiku onsewo, isakanizeni ndi zinzake. Ngati mulibe malo oisungira payokha, iphani tsiku lomwelo, mudye, ndipo nthenga ndi zam'kati muzikwirire.

Chimodzimodzi nyama ya nkhumba. Chigodola cha nkhumba nachonso chilibe mankhwala ochiza, ndipo chimayenda ndi nyama, ngakhale yootcha yosapsa bwino kapena yowamba. Ngati mumaŵeta nkhumba, musabwere ndi nyama ya nkhumba ya kwina, ndipo musataye makombo ake m'khola. Mukafuna kubwera ndi mbuzi kapena nkhumba yamoyo kuchokera dera lina, yambani mwatenga chilolezo ku ofesi ya ziŵeto.

Ntchito ya manja pa ulendo

Tsopano tinene za kuluka. Wina afunsa kuti, juzi m'Disembala, kukutentha chonchi? Inde. Chisanu chimafika m'Juni ndi Julaye, ndipo anzathu a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziŵa m'mene chiperoni chimaloŵera m'mafupa. Amene amayamba kuluka mwana atayamba kale kunjenjemera amatsiriza juziyo m'Ogasiti, mphepo itapita. Ndipo masiku a ulendo ali ndi nthaŵi yambiri yongokhala. Pa depoti mumadikira basi kuti idzaze. Kumene mwapitako ndinu mlendo, sakupatsani khasu tsiku loyamba. Pakamwa pazicheza, manja aziluka.

Zofunika ndi zochepa: singano ziŵiri zolukira, ulusi, tepi yoyezera ndi kabuku kolembamo. Amene alibe singano za m'sitolo amasongola masipoko a njinga kapena nsungwi yosalala. Nsonga zake muzibaye pa chitsononkho poyenda, kuti zingalase mwana kapena mnzanu m'basi. Basi ikamayenda, singano zikhale m'chikwama.

Ulusi watsopano ndi wokwera mtengo, koma pali njira. Gulani juzi yaikulu pa kaunjika, yoluka ndi ulusi wonenepa. Masulani misoko yake, pezani nsonga ya ulusi kumtunda, ndi kuyamba kukoka. Ulusiwo utuluka wopiringizika. Ukulungeni pa msana wa mpando, muumange malo anayi, muuchape m'madzi ofunda pang'ono, ndi kuuyanika pa mthunzi mutapachika kamwala kumunsi. Ukauma uwongoka. Juzi imodzi ya bambo imatulutsa juzi ya mwana ndi kachipewa pamwamba.

Kuyeza musanaluke

Ambiri amaluka mwa kungoganizira, ndipo juzi imatuluka yothina kapena yonga thumba. Safunsa adadya phula. Funsani tepi. Yambani mwaluka kansalu kakang'ono koyesera, ndipo ŵerengani timfundo timene tili m'masentimita 10. Tinene kuti mwapeza 20. Ndiye kuti sentimita imodzi ili ndi timfundo tiŵiri.

Tsono yezani chifuwa cha mwana mozungulira. Tinene kuti ndi masentimita 56. Onjezani 4 kuti azipuma bwino, akhale 60. Juzi ili ndi mbali ziŵiri, kutsogolo ndi kumbuyo, choncho mbali iliyonse ndi masentimita 30. Chulukitsani 30 ndi 2. Yankho ndi 60. Ikani timfundo 60 pa singano, ndipo lembani nambalayo m'kabuku kuti mbali inayo idzafanane nayo. Wanu ulusi ukakhala woonda, timfundo tichuluka. N'chifukwa chake aliyense aluke kansalu koyesera kakekake, osatengera nambala ya mnzake.

Juzi yotere, pamodzi ndi mikono yake, ili ndi mizere pafupifupi 320. Musaope. Mukamaluka mizere inayi yokha pa tsiku, mutsiriza m'masiku 80. Kuyamba pa Khirisimasi, juzi yatha m'Malichi, mwana wachiŵiri n'kulukiridwanso yake pofika kumayambiriro kwa Juni. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene akuyamba kumene ayambe ndi kachipewa ka khanda. Mutu wa mwana wobadwa kumene ndi masentimita pafupifupi 35 kuzungulira. Poti choluka chimatamuka, lukani masentimita 32, ndiye kuti timfundo 64 pa muyeso wathu uja. Kachipewa kameneka si kokongoletsa chabe. Khanda limazizidwa msanga, makamaka lobadwa masiku osakwana, ndipo anamwino amalangiza kuti mwana wotere akhale pa chifuwa cha mai wake, khungu kukhudza khungu, atavala chipewa. Ngati m'banja mwanu muli woyembekezera, mphatso yake ndi imeneyo.

Abambo, ndakuonani mukumwetulira ngati izi sizikukukhudzani. Kodi mphasa amaluka ndani? Nanga madengu, nkhokwe ndi ukonde wa nsomba? Manja amene amatha zimenezo sangalephere singano ziŵiri. Ndipo amene safuna kuluka angathe kusongola singano ndi kugwira ulusi pamene mai akukulunga.

Tisanabalalike

Tsono pofika sabata la maŵa, aliyense amene ali ndi ulendo achite izi. Aonane ndi alangizi za katemera wa nkhuku. Ayang'ane zingwe ndi denga la khola. Apeze womsiyira pakhomo ndi kulemba naye pepala lija. Akonzeretu malo osungira nkhuku yachilendo. Tikadzakumananso, mubwere ndi kansalu kanu koyesera ndi muyeso wa chifuwa cha mwana wanu, kuti tidzaŵerengere limodzi timfundo. Amene ali ndi tepi abwereke anzao.

Muyende bwino, mukapereke moni kwa onse kumeneko.