Ukonde wa Mitsempha Pansi pa Ubongo

Lero pa nkhani za chilengedwe tikambirana za mitsempha iwiri ikuluikulu ya m'khosi, imene madokotala amaitchula kuti carotid. Mukakhudza ndi chala mbali imodzi ya kholingo, mumva mtsempha ukugunda. Mtsempha uliwonse ukafika chakumunsi kwa nsagwada umagawikana pawiri. Nthambi ina imapita kunkhope ndi kukhungu la kumutu, inayo imalowa m'chigaza kukapereka magazi ku ubongo.

Kwa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe nkhani yake ndi ina. Nthambi yolowa m'chigaza ija imafota chiweto chikamakula. Magazi amadzera njira ina n'kukathira m'timitsempha tambirimbiri tolukanalukana ngati ukonde wa msodzi, pansi penipeni pa ubongo. Timitsempha timeneti tazunguliridwa ndi magazi ozizira obwerera kuchokera kumphuno. Choncho mbuzi ikamapuma wefuwefu dzuwa likuswa mtengo, magazi opita ku ubongo amayamba azizirako, mutu osatentha monga thupi lonse.

Ukonde umenewu unasokoneza akatswiri zaka zoposa 1,300. Sing'anga wa ku Rome, Galen, ankaphunzira za thupi potumbula nyama. Atauona m'nyamazo, anaphunzitsa kuti nayenso munthu ali nawo, ndipo mibadwo ya asing'anga inangovomereza. Mu 1543 Andreas Vesalius, amene ankaphunzitsa ku Padua m'dziko la Italy, analemba kuti iye watumbula mitembo ya anthu koma ukondewo sanaupeze.

Vesalius ananena zoona, komabe makina ojambula m'kati mwa thupi a CT ndi MRI aonetsa kuti chilengedwe chimapatuka mwa apo ndi apo. Alipo anthu, osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse, amene amabadwa opanda nthambi yolowa m'chigaza mbali imodzi. Ubongo wawo umalandira magazi kuchokera mbali inayo kapena kumitsempha yodzera kumbuyo kwa khosi. Mwa ochepa zedi, thupi limaluka ukonde wofanana ndi wa mbuzi uja kuti magazi apeze podzera. Enanso mtsempha wawo umakhota n'kudutsa kuseri kwenikweni kwa mmero.

Ambiri mwa anthuwa amakula bwinobwino osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene ajambulidwa pa chifukwa china. Koma kudziwa kumeneku kumapulumutsa moyo. Dokotala wochita opaleshoni ya kummero ayenera kudziwiratu ngati mtsempha waukulu wabisala pamene akufuna kucheka. Ndipo kwa munthu wa mtsempha umodzi wokha, mtsempha umenewo suyenera kutsekedwa ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake, omvera, ngati munajambulidwapo m'khosi n'kuuzidwa kuti mitsempha yanu inayenda mosiyana ndi ya anthu ena, sungani bwino zotsatirazo ndipo muzizionetsa kwa dokotala aliyense asanakuchiteni opaleshoni.