ZIPILALA ZACHIKUMBUTSO: KODI ZIMATIUZA ZONSE?



Aisraele ataoloka mtsinje wa Yordano, Yoswa adaimika miyala khumi ndi iwiri kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzafotokoze zimene Mulungu adachita. Mwala sulankhula. Amene amalankhula ndi munthu wouimika ndi munthu woufotokoza.

Tiyeni tione za dziko lathu lino. Chisankho cha 1994 chitatha, boma latsopano lidachotsa dzina la Dr. Kamuzu Banda pa bwalo la ndege la ku Lilongwe ndi pa bwalo la zamasewero la ku Blantyre. Boma la Dr. Bingu wa Mutharika litalowa mu 2004, maina aja adabwezedwa. Mu 2006 adatsegula chiliza chachikulu pa manda a Kamuzu ku Lilongwe, ndipo mu 2009 adamuimikira chiboliboli. Munthu ndi yemweyo, koma boma lililonse lidafuna kuti timukumbuke mwa njira yake.

Ena a ife tikaona chilizacho timakumbukira ufulu wa 1964, misewu ndi sukulu. Enanso timakumbukira abale otsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, ndi akuluakulu anai a ndale, a Gadama, a Matenje, a Sangala ndi a Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983. Zonsezi zidachitikadi. Koma chiboliboli chimaonetsa mbali imodzi yokha. Mwana wobadwa dzana akachiona, angaganize kuti nthawi imeneyo kudalibe misozi.

Tsono ife titani? Tisathamangire kugumula, ndiponso tisagwadire mwala. Udindo wathu ndi kufotokozera ana mbiri yonse, zokoma ndi zowawa zomwe, mopanda chidani. Maepiskopi athu adatipatsa chitsanzo pa 8 Marichi 1992, pamene kalata yao idawerengedwa m'matchalitchi: adanena zoona poyera, koma sadaitanire anthu ku chipolowe. Kukhululuka si kuiwala ai.

Chinanso, zipilala zotere zimamangidwa ndi misonkho yathu. Choncho tili ndi ufulu wofunsa aphungu ndi makhansala athu kuti: mwasankha yani, adasankha ndani, ndipo amene adavutika mwawakumbukira pati?

Mafunso okambirana m'miphakati:
1. Kodi kwathu kuno ndi maina ati ali pa misewu ndi pa sukulu? Adawasankha ndani?
2. Kodi ndi anthu ati amene adatumikira kapena kuzunzika, koma palibe chowakumbukira?
3. Kodi ana athu timawauza zotani za nthawi ya chipani chimodzi?