M'mera Mpoyamba: Chisankho Chimayambira Pansi pa Mtengo



Kapena ena mwa inu adabwa kumva kuti tikuti tikambe za chisankho, poti tidavota kale pa 16 September 2025, ndipo chisankho china chachikulu chidzabwera mu 2030. Mlimi wa mpunga sangadabwe. Iye amadziwa kuti matumba a mu May amayambira pa nazale, nthawi imene palibe munthu akuyankhula za mtengo wa mpunga. Makolo athu adati m'mera mpoyamba. Chaka cha chisankho nachonso chili ndi nazale yake, ndipo ambiri a ife sitipondako phazi.

Tiyambe ndi mpando umene maso onse amapenyako. Mu 2025 anthu 17 adapikisana pa upulezidenti. A Peter Mutharika adapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, a Lazarus Chakwera 33. Kale munthu ankatha kulowa m'boma ndi mavoti ochepa ndithu: a Bingu wa Mutharika mu 2004, ndi a Peter Mutharika mu 2014, adapambana ndi mavoti ngati 36 okha pa 100. Koma pa 3 February 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha 2019, nagamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Chiyambire tsiku limenelo palibe chipani chimene chingadalire chigawo chake chokha, ndipo m'chaka cha 2030 tidzaonanso atsogoleri amene dzulo ankanyozana akugwirana manja pa nsanja imodzi.

Padzakhalanso china chatsopano. Pofika 2030 a Mutharika adzakhala atalamulira nthawi ziwiri, ndipo khoti lidakaniza kale a Bakili Muluzi mu 2009 pamene ankafuna kubwereranso. Motero chipani cha DPP chidzayenera kupeza munthu wina, ndipo zipani zinazo zidzadzifunsa ngati zipitirire ndi nkhope zakale. Nanga adzayankhe mafunso amenewa ndani? Si ife ayi. Ndi nthumwi za ku misonkhano ikuluikulu ya zipani. Mu 2024 MCP ndi DPP zidachita misonkhano yawo mu August, ndipo UTM idasankha a Dalitso Kabambe ku Mzuzu mu November, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June. Nthumwi zikwi zochepa chabe zidasankhira anthu oposa 7 miliyoni mayina oti adzawapeze pa pepala lovotera. Ife a ku Nkhotakota sitiyenera kupeputsa misonkhano yotere, pakuti kunali kwathu konkuno, mu 1960, kumene msonkhano wa MCP udapatsa Dr. Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani kwa moyo wake wonse. Zimene zidatsatira mukuzidziwa.

Tsono tibwere kufupi, pa chisankho chachipulula, pamene chipani chimasankha munthu wodzachiimira pa mpando wa phungu kapena wa khansala. Inu nonse mudaona m'mene zimachitikira. Pa bwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo wa mango, opikisana amaima kutsogolo, ndipo nthumwi za m'makomiti zimandanda kumbuyo kwa amene zikumufuna. Palibe chinsinsi. Mayi amene adalandira chitenje dzulo akudziwa kuti womupatsayo acheuka ndi kumuwerenga. Msodzi amene adakongola mafuta a boti kwa mmodzi wa opikisanawo, kodi adzaima kumbuyo kwa yani? Nthawi zina mndandanda wa nthumwi umasintha usiku. Nthawi zina malo amasintha m'mawa, anthu nkumadikira pa sukulu ina pamene anzawo awerengedwa kale pa sukulu ina. Nthawi zinanso lole imatsitsa anthu amene mudzi sukuwadziwa, kapena mawu amangochokera ku likulu kuti uje ndiye wathu, ena onse akhale pansi.

Achikulire akukumbukira kuti mu 1978, m'nthawi ya chipani chimodzi, anthu adaloledwa kusankha phungu, koma pakati pa mayina okhawo amene adavomerezedwa kumwamba, eni ake atayesedwa Chingerezi. Tidakana zimenezo pa riferendamu ya pa 14 June 1993. N'zomvetsa chisoni kuti m'kati mwa zipani zathu mzimu womwewo sudafe. Ndipo m'dera limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu, monga zimakhalira m'madera ambiri a Chigawo cha Pakati, wopambana pa chipulula ndiye wayamba kale kusoketsa suti ya ku Lilongwe. Ife tikamadzandanda mu September, ambiri timangotsimikiza zimene anthu mazana ochepa adamanga miyezi ingapo m'mbuyomo.

Anthu akaona kuti aberedwa pa chipulula, ali ndi njira imodzi yobwezera: amauza munthu wawo kuti aime payekha. Ichi ndicho chifukwa chake mu 2014 aphungu 52 mwa 193 adali oima paokha, mu 2019 adali 55, ndipo mu 2025, mipando itakwera kufika 229, adapitirira 60. Palibe chipani chimene chidapeza theka la Nyumba. Ena amayamikira zimenezi, amati ndi umboni wakuti Amalawi sasankha mtundu wa nsalu. Ife tikuvomera mbali imodzi. Koma tisadzinamize: ambiri mwa oima paokha sakhala paokha nthawi yaitali. Akangolumbira amasamukira kumene kuli mphika, osabweranso kudzafunsa amene adawatuma.

Kodi zili ndi kanthu? Zili ndi kanthu kwambiri, pakuti Pulezidenti sangatulutse ndalama ya mankhwala, ya feteleza kapena ya msewu wa M5 umene timayendamo popita ku Salima ndi ku Dwangwa, Nyumba ya Malamulo isanavomereze ndondomeko ya chuma. Mutu umodzi susenza denga. Pamene a Bingu adatuluka mu UDF mu 2005 nayambitsa DPP, adalibe aphungu okwanira, ndipo mu 2007 ndi 2008 bajeti idakhala miyezi ili pa khomo, aphungu akukangana za gawo 65 lonena za olumpha chipani. Mu 2009 zinthu zidatembenuka: DPP idadzaza Nyumba, ndipo padasowa wonena kuti ayi. Mbendera ya dziko idasinthidwa mu 2010, malamulo opanikiza anthu adadutsa mosavuta, ndipo pa zionetsero za mu July 2011 anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Nyumba yongokana ndi Nyumba yongowomba m'manja, zonse ziwiri tidalawa kuwawa kwake. Chimene chidasowa nthawi zonse ziwirizo ndi aphungu otha kuwerenga bilu ndi kuganizira anthu a kwawo asanakweze dzanja.

Apa tiyenera kudziyang'ana tokha. Kodi phungu timamuyeza ndi muyeso wanji? Timafunsa kuti adagula mabokosi angati a maliro, adanyamula odwala angati, adapereka mpira kwa anyamata kapena ayi. Thandizo la pa maliro si loipa, ndipo wosiyidwa amene alibe bokosi sitingamudzudzule. Komabe ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kulondola ndalama za boma, ndi kuyankhula za mitengo ya mpunga, za malamulo a usodzi pa nyanja, za midzi imene madzi adalowa pamene nyanja idakwera mu 2024. Tikasandutsa phungu kukhala sitolo, tisadabwe kuti opikisana ndi olemera okhaokha, ndi kuti akalowa amayamba kubweza zimene adawononga. Amayi, amene kawirikawiri alibe chuma chotere, amagwera pa chipulula pomwepo. Mu 2014 adalowa 32 okha. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti, koma lamulo silingagwire dzanja limene mwini wake walitambasula. Ndipo tikalakwa kusankha, tidzapirira zaka zisanu zathunthu, chifukwa gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo, aphungu adalifafaniza okha mu 1995.

Ife ansembe sitiloledwa kutsogolera chipani, ndipo pa guwa sitidzatchula dzina la munthu woti mumuvotere. Ambuye Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa 8 March 1992, sadatchulenso dzina. Adangonena zoona, ndipo dziko lidagwedezeka. Koma inu akhristu eni ake muli ndi ufulu umene ife tilibe. Makomiti a zipani a m'midzi, amene amatumiza nthumwi ku chipulula, amasankhidwa zaka zino zimene kuli zii. Bambo amene amasunga bwino ndalama za mphakati, mayi amene amaweruza mwachilungamo m'bungwe la amayi, n'chifukwa chiyani mumati ndale n'zauve ndi kusiyira mipando imeneyo anthu amene simungawasungitse ngakhale nkhuku? Lowani m'chipani chimene mtima wanu wasankha, mufunse kuti mndandanda wa nthumwi upachikidwe poyera tsiku lisanafike, ndi kuti voti ya chipulula ikhale ya chinsinsi monga ya mu September.

Inu akatekisiti, tikukupemphani ntchito imodzi. Ana amene adabadwa mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012 adzakhala atakwanitsa zaka 18 pa tsiku lovota, ndipo ambiri a iwo ali m'makalasi anu a Ulimbitso lero lino. Polembetsa m'kaundula wa voti amafuna chiphaso cha unzika, chimene munthu amatha kutenga akafika zaka 16. Lembani mayina awo mphakati ndi mphakati, ndipo muwakumbutse makolo nthawi ikakwana.