Kumene Kukupezeka Mbiri ya Amaravi Akale



Zaka 100 n'zochepa poziyerekeza ndi msinkhu wa dziko lino. Munthu wofuna kudziwa za nthawi ya Kalonga, Undi ndi Lundu amayamba wakhumudwa, pakuti zolembedwa zakale za chigwa cha Zambezi zili kutali, ndipo amene adazilemba ndi alendo. Kufikira 1752 Mozambique ankalamulidwa kuchokera ku Goa, choncho makalata ambiri adapita ku India, ena ku Lisboa. Chivomezi cha 1755 chidawononga ochuluka. Otsala akusungidwa ku Torre do Tombo ndi ku Arquivo Histórico Ultramarino.

Buku lomwe anthu amalitama kwambiri ndi Ethiopia Oriental, la Bambo João dos Santos wa chipani cha Dominiko Woyera, losindikizidwa ku Évora mu 1609. Wansembeyu adakhala ku Sofala, nafikanso ku Sena ndi ku Tete, ndipo maso ake adali akuthwa ndithu: za mitengo, nsomba, milandu ndi maliro adalemba mosamala. Koma pamene akusimba za Azimba, amene mu 1592 adapha akapitao a ku Sena ndi ku Tete pamodzi ndi Bambo Nicolau do Rosário, akuwatcha odya anthu. Apa woŵerenga aziyenda pang'onopang'ono. Zambiri adachita kumva kwa anthu ogonja pankhondo, ndipo wogonja sasimba zabwino za womugonjetsa. Azimba eni ake palibe adawafunsa.

Nkhani ya Gaspar Bocarro ndi yaifupi koma ndi yamtengo wapatali. Mu 1616 iye adanyamuka ku Tete, nayenda pamtunda mpaka ku Kilwa atanyamula siliva wa ku Chicoa. Panjira adachereza ndi mfumu yamphamvu dzina lake Muzura, namva za nyanja yaikulu. Ulendowu udalembedwa ndi António Bocarro, koma udasindikizidwa mu 1876. Chodabwitsa n'chakuti Muzura, amene Apwitikizi ankamuopa chotero, akatswiri akutsutsanabe ngati adali Kalonga kapena munthu wina wodzikweza yekha. Chikalata chikutchula dzina, koma mtundu wake ndi malume ake sichinena, pomwe Mchewa akadayambira pomwepo kufunsa.

N'chifukwa chake Mbiri ya Achewa ya Samuel Josia Nthara siyenera kunyozedwa chifukwa chosoŵa zaka. Iye adalemba zimene adamva kwa akuluakulu, za Aphiri ndi Abanda, za Makewana ndi kachisi wa mvula, zinthu zimene wamalonda wa ku Tete sadazione.

Nthaka nayonso yayankhula. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'Malaŵi, kumene mbiri ya pakamwa imati kudali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi, minyanga ya njovu yosemedwa, mkuwa, ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Buku lake lidatuluka mu 2020, m'Chingerezi.