Miyala ya ku Chitimba ndi Zaka Zake

Mlendo aliyense amene wafika pa mwambo uno akafulatira nyanja amaona phiri litaima ngati chipupa, msewu wa Gorodi ukukhotakhota kukwera ku Khondowe. Ambiri amawerenga mbiri ya phirilo kuyambira 1894, chaka chimene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pamwamba pake. Kwa miyala imene msewuwo unasemedwamo, chaka chimenecho ndi dzulodzuloli.

Maziko a dera lino ndi miyala ya ku Nyika ndi mapiri oyandikana nako. Akatswiri amati inaumbika zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo, pamene zigawo zikuluzikulu za dziko zinkakankhana pang'onopang'ono. Miyala imene inakwiririka pansi kwambiri inapsa, inafinyika, nisanduka ina yamizeremizere, yopindika ngati nsalu, yotchedwa gneiss. Ina inasungunukiratu, nizizira pansi pomwepo n'kukhala granite wa ku Nyika. Mndandanda wa miyala umenewu, wotchedwa Ubendian, umadzera ku Misuku mpaka ku Tanzania. Mapiri amene anatumphuka nthawi imeneyo anaperepeseka kalekale ndi mvula. Zimene maso akuona lero ndi mizu yake chabe.

Pamwamba pa mizuyo, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, panali madambo owirira. Zomera zake ndizo malasha a ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi. Mchenga wake unauma n'kukhala phiri la Chombe, ndipo ku Chiweta kwafukulidwa mafupa a nyama za nthawi imeneyo, zimene munthu sanazionepo zamoyo.

Nyanja, imene imaoneka ngati kholo la zonse, ndiyo chitsirizira. Zaka mamiliyoni owerengeka zapitazo nthaka inang'ambika, chigawo china chinatitimira, madzi nadzaza chigwacho mpaka kuya mamita 700. Phompho lotsala ndilo linabala mathithi a Manchewe, kumene Aphoka ankabisala m'mapanga m'masiku a nkhondo.

Kung'ambikako sikunathe. Akasupe a madzi otentha ku Chiweta ndi mboni, monganso zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zimene zinagwetsa nyumba zochuluka. Mitsetse ya kuno idakali yanthete. Mitengo ikadulidwa, dothi likakhuta mvula limagumuka, ndipo madalaivala a pa M1 amadziwa miyala imene imatseka msewu ku Chiweta nthawi ya dzinja.