Matenda a kumaliseche si onse ocokera ku ciwerewere: mau kwa anthu a ku Malambo



Lelo tikambe nkhani imene timabisa. Mzimai akayamba kumva kuwawa m'munsi mwa mimba, kuyabwa, kucoka zamadzi zonunkha kapena magazi pambuyo pogona ndi amuna ake, m'nyumba mumabuka ndeu. Bambo akuti, "Wacitenga kuti?" Mai nayenso, poopa manyazi, angokhala cete.

Mvetsetsani. Cinzonono ndi cindoko n'zoona zimabwera pogonana. Koma kuno ku cigwa kulinso likodzo. Tizilombo take timacokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu pamene mai acapa, asamba kapena atunga madzi ku Lupande, ku Luangwa olo m'madambo. Mazira ake amakakhala pakhomo la ciberekero, kupanga zilonda. Zizindikiro zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ngakhale kwa mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Likalekeleledwa, mai angalephere kubereka, ndipo zilondazo zimatsegulira HIV njira. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.

Manje ticite ciani?

Azimai, mukapita ku kiliniki olo ku Kamoto, uzani anasi kuti mumagwira madzi a mumtsinje. Lekani kuika zitsamba kapena sopo mkati: zimaumitsa, zimang'amba, matenda apeza polowera. Muli ndi pakati? Yambani sikelo msanga, akupimeni cindoko, cifukwa cimapha mwana m'mimba koma jekeseni ya penicillin imacicilitsa.

Azibambo, ngati akuti ni cinzonono kapena cindoko, pitani nonse awiri. Mai akacila yekha, mudzamupatsanso. Makapisozi ogula pa kantemba, kumwa awiri n'kuleka, amangolimbitsa matenda.

Atsikana athu alandire katemera wa HPV, amene dziko lathu linayamba kupereka m'zigawo zonse mu 2019, woteteza ku khansa ya khomo la ciberekero.

Kwa olamulira tikuti: simungauze mai kuti aleke mtsinje ngati pamudzi palibe borehole. Tipatseni madzi abwino, ndipo mankhwala afike m'makiliniki mvula isanadule miseu.

Mukabwerera kunyumba, kakambilaneni ndi akazi anu mofatsa, mawa muwaperekeze ku cipatala.