Nyambo ya Gulu la QAnon

Wotchera msampha amabisa chingwe n'kuonetsa nyambo. Ndi mmene gulu losokoneza mtendere la QAnon, limene linayamba ku America mu October 2017 pa 4chan, limalandirira mlendo pa intaneti.

Chikhulupiriro chawo n'chakuti dziko likulamulidwa mobisa ndi kagulu ka anthu opembedza Satana amene amazunza ana. Koma mlendo sauzidwa zimenezi tsiku loyamba, pakuti angaseke n'kuchoka. Amangopatsidwa mafunso, nauzidwa kuti akafufuze yekha, chikhalirecho mayankho anawatchera kale m'mavidiyo amene akawapeze. Munthu amatsutsa zouzidwa, koma zimene akuyesa kuti wazitulukira yekha amazikakamira zolimba.

Mu 2020 nyambo inali ana. Anabwereka mawu akuti "Save the Children", dzina la bungwe lenileni lothandiza ana, ndipo amayi ambiri achifundo analowa osadziwa kumene njirayo ikupita. Ndani angakane kupulumutsa mwana? Facebook inatseka masamba a gululi mu October 2020, koma bodza linali litazika kale mizu. Pa 6 January 2021 ena mwa otsatira ake anali m'khamu limene linathyola Nyumba ya Malamulo ku Washington.